Lilime Loyera la Amayi a Keziya

1. Zimene anamwino ananena

Lolemba limenelo Keziya sanapite kusukulu. Anaperekeza amayi ake, a Leticia, kuchipatala cha kufupi ndi kwawo ku Kaporo. Azakhali ake a Emma, mlongo wawo wa malemu bambo ake, nawo anatsatira pambuyo. Sikuti anaitanidwa. A Emma anali munthu wosafuna kumva nkhani itapola.

Panali patatha miyezi iwiri madokotala atanena kuti chilonda chimene chinali pambali pa lilime la a Leticia chinali khansa. Kwa zaka makumi awiri iwo ankaika ngirimbo m'kamwa, fodya wosinja uja amene amayi ambiri a kumeneko amabisa kuseri kwa mlomo akamaoka mpunga. Fodyayo anali atasiya, koma chilondacho sichinawasiye.

Sabata imeneyo kunabuka vuto lina. Lilime lonse ndi m'masaya momwe munayera ngati mwatsalira chambiko. M'kamwa munkatuluka fungo, ndipo ngakhale phala lamadzimadzi linkawavuta kumeza.

Anamwino, Mayi Modesta, anali ochokera ku Dedza. Chinkhonde chawo chinkathera pa moni. A Leticia Chichewa ankangochitola apa ndi apo, ndipo cha a Emma chinali cha pamsika, chokwana kugulitsira mpunga ndi kukanganira. Choncho ntchito yomasulira inagwera Keziya, mtsikana wa Fomu 2.

Mayi Modesta anaunika m'kamwa mwa wodwalayo ndi tochi, kenako anatembenukira kwa Keziya.

"Umvetsetse mwana iwe, chifukwa ndiwe makutu a amayi ako. M'kamwa mwa munthu aliyense, mwako ndi mwanga momwe, mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso. Tina timatchedwa mabakiteriya, tina mafangasi. Munthu akakhala bwino, malovu amatsuka m'kamwa tsiku ndi tsiku ndipo tizilomboto sitivutitsa. Koma khansa ikalowa, zinthu zimasokonekera. Munthu amaopa kutsuka mano chifukwa cha ululu, sadya mokwanira, thupi limafooka. Pamenepo tizilombo timapeza mpata. Zoyera ukuonazi ndi mafangasi. Amamera ngati chuku pa chimanga chosauma bwino. Fungo ukulimvalo likuchokera kwa mabakiteriya amene akhazikika m'chilondamo."

Anatulutsa kabotolo ka mankhwala amadzi achikasu n'kukaika m'manja mwa Keziya.

"Zoyerazi si khansa ayi, ndipo zimatha. Uzidontheza mankhwala awa pa lilime kanayi pa tsiku. Uziwiritsa madzi, akafunda uthiremo kamchere pang'ono, amayi azichukucha m'kamwa n'kulavula. Ndati kuchukucha. Sindinati kukwecha. Pansi pa zoyerazi pali nyama yanthete. Ukakwecha, ituluka magazi, ndipo pamenepo ndiye kuti watsegulira mabakiteriya khomo lolowera m'thupi lonse. Lolemba likubwerali galimoto ya chipatala ikutenga odwala atatu kupita nawo kuchipatala chachikulu kukayamba chithandizo cha khansa. Dzina la amayi ako lilipo. Ndalimenyera nkhondo milungu isanu. Koma akadzabwera atatentha thupi, m'kamwa mutatupa, sadzakwera. Kumeneko sangayambe mankhwala amphamvu aja pa munthu amene thupi lake likulimbana kale ndi tizilombo. Malo awo adzatenga wina, ndipo ena sindikudziwa kuti adzapezeka liti. Wamva?"

"Ndamva, amayi," anayankha Keziya.

A Leticia nthawi yonseyi anali atazyolika, dzanja lili pa tsaya. Keziya anangowauza mwachidule m'Chinkhonde za mankhwala, za madzi amchere ndi za galimoto ya Lolemba.

"Ndaga," anatero iwo chapansipansi pothokoza anamwino.

Pa mawu onse amene ananenedwa m'chipinda chija, a Emma anatolapo ochepa chabe, ndipo omwewo anawatola mokhota. Atangofika pa kanjira kodutsa m'minda ya mpunga, anaima n'kugwira m'chiuno.

"Mwadzimvera nokha. Ati m'kamwamo muli kachilombo."

"Ayi azakhali," anatero Keziya. "Anati tizilombo. Tambirimbiri, timene timakhala mwa munthu aliyense."

"Ndiye kuipiratu kumeneko. Kamodzi kokha kanandiphera mlongo wanga, nanga tambirimbiri?"

Ku Kaporo, monga kwina kulikonse, munthu akati kachilombo aliyense amadziwa kamene akunena. A Ambokile, bambo ake a Keziya, anamwalira ndi chibayo zaka ziwiri m'mbuyomo. A Leticia anayezetsa magazi pamene khansayo inapezeka, ndipo m'buku lawo la kuchipatala munalembedwa kuti alibe HIV. Koma a Emma analibe nazo ntchito za m'buku. Kwa zaka ziwiri anali akufunafuna womuloza chala pa imfa ya mlongo wawo, ndipo tsiku limeneli anamupeza.

2. Chikho cha ulusi wofiira

Pofika Lachiwiri madzulo nkhani inali m'kamwam'kamwa. Inayambira pa mjigo, inadutsira kuchigayo chopunthira mpunga, n'kukafika mpaka kwa ogulitsa nthochi pamsewu. Ngakhale kakanakhala kachilomboko, sunali mlandu. M'mudzi momwemo munali anthu angapo amene ankamwa mankhwala ake n'kumalima bwinobwino. Chomvetsa chisoni n'chakuti ena mwa iwo ndi amene ankaseka mokweza kuposa anzawo.

Kunyumba a Emma anatenga chikho cha a Leticia n'kuchimanga ulusi wofiira pa chogwirira. Mbale ndi supuni yawo anaziika pazokha pansi pa thandala. A Leticia anaona zonsezo n'kungozilola. Kulankhula kunkawapweteka, ndipo nyumba imene ankakhalayo inali pa malo a kuchimuna.

Keziya ankachita zonse monga anauzidwira. M'mawa asanapite kusukulu ankadontheza mankhwala. Masana ankathamanga kubwerera kunyumba kudzawiritsa madzi. Pofika Lachitatu zoyera zija zinali zitayamba kuchepa m'mbali mwa lilime, koma pang'ono zedi. Woyang'ana mwachidwi yekha ndiye akanaona kusiyana.

Tsiku lomwelo pa nthawi yopuma kusukulu, Keziya anakhala pansi pa mtengo wa mango ndi mnzake Khumbize. Awiriwa kuyambira ku pulayimale ankamwera botolo limodzi ndi kulumirana nzimbe imodzi. Keziya atatambasula dzanja kuti alandire botolo la madzi, Khumbize analibweza pachifuwa pake.

"Amayi anga akuti ndisamamwerenso pamodzi ndi iwe."

"Chifukwa?"

"Ukudziwa." Khumbize anayang'ana kumbali. "Si ine ndikunena. Anthu akutero."

"Amayi anga ali ndi khansa, Khumbize. Anayezetsa, alibe zimene mukunenazo. Ndikhoza kukubweretsera buku lawo uwerenge wekha."

"Buku aliyense akhoza kulemba. Mawa amayi a mpingo akubwera kwanu kudzapemphera, amayi anga ali m'gulu lomwelo. Akuti akadzionera okha. Akuti akangoona lilime loyera, basi, palibenso chofunsa."

Atsikana ena awiri amene anali pafupi anasiya kutafuna n'kutchera khutu. Keziya anadzuka n'kulowa m'kalasi belu lisanalire. Manyazi ndi mkwiyo zinamugwira pamodzi, ndipo masana onsewo sanalembe ngakhale mzere umodzi.

3. Kansalu, phulusa ndi ndimu

Lachinayi m'mawa Keziya anali akuvala yunifolomu pamene a Emma analowa m'nyumba osaodira. M'manja anali ndi kambale. Munali phulusa, mchere wamiyala, ndimu yodula pakati ndi kansalu kong'amba ku chitenje chakale. Anakaika pansi pafupi ndi mphasa imene a Leticia anagonapo.

"Lero kusukulu kulibe," anatero m'Chinkhonde. "Khala pansi undimve. Ine ndakuona ukubadwa, ndipo zinthu ndaziona zambiri kuposa anamwino ako a ku Dedza aja. Amayi a mpingo akubwera dzuwa likapendeka. Usaganize kuti akubwera ndi mapemphero okha. Akubwera ndi maso. Akaona lilime ili mmene lililimu, dzina la nyumba ino latha. Amayi ako mwina apita kuchipatala chachikulu, mwina abwerako, mwina ayi, Mulungu ndiye akudziwa. Koma iwe utsala konkuno. Udzatunga madzi pa mjigo womwewu. Udzayenda pamsewu womwewu anthu akukuloza ndi milomo. Ndani adzakufunsire? Ndi banja liti lidzabweretse ng'ombe kwa mwana wa m'nyumba ya kachilombo? Timadontho tako tachikasuto wadontheza masiku atatu, chachitika n'chiyani? Ife ana athu akayera m'kamwa tinkangopukuta ndi kansalu, mawa lake n'kumayamwa bwinobwino. Chinthu chakuda timatsuka, choyera chosafunika timakwecha. Ngakhale anamwino aja anatero, ndinamva ndi makutu angawa. Anati kukwecha."

Mawu akuti kukwecha anawamvadi. Chimene sanamve ndi mawu amene anali patsogolo pake.

"Ngati zili choncho, bwanji osachita nokha?" anafunsa Keziya.

A Emma anabwerera m'mbuyo n'kubisa manja m'chitenje.

"Ine m'kamwamo sindingagwiremo. Ndili ndi ana anga."

A Leticia anadzuka movutikira n'kutsamira khoma. Sanayang'ane alamu awo. Anayang'ana mwana wawo, pakuti pa dziko lonse munthu amene ankamukhulupirira anali yekhayo. Mawu awo ankatuluka olemera chifukwa cha lilime lotupa.

"Keziya, ine tsiku lija sindinamve. Anamwino anati chiyani kwenikweni?"

Keziya ankadziwa yankho. Mawu a Mayi Modesta ankawakumbukira onse, ndi mmene anakwezera chala powanena. Anayang'ana kabotolo ka mankhwala pa zenera. Anayang'ana pakhomo, kumene kanjira kochokera kutchalitchi kankaonekera. Khumbize ndi botolo lake la madzi anamubwerera m'maso.

"Anati tizichukucha," anatero. "Koma anatinso zikachedwa kutha tikhoza kukwecha pang'ono."

"Mwamva?" anatero a Emma. "Ine ndinali kunama?"

A Leticia anagwedeza mutu, natsegula pakamwa.

4. Alendo aona lilime

Keziya anakulunga kansalu ku chala, nakanyowetsa ndi ndimu, nakaviika m'phulusa ndi mchere. Poyamba anapukuta mopepuka. Zoyerazo sizinkachoka msanga.

"Ukusisita mphaka kodi?" anatero a Emma ali chiimire pakhomo. "Limbikira. Kuseri ukonso kwatsala."

Analimbikira. Kansaluko kanatuluka koyera, kenako kofiirira, kenako kofiira kwenikweni. A Leticia sanakuwe. Anangogwira mphasa ndi manja onse awiri mpaka bango lina linathyoka, misozi ikutsikira m'makutu. Chala cha Keziya chitakhudza m'mphepete mwa chilonda cha khansa, thupi lawo lonse linanjenjemera. Apo m'pamene analekera.

Anawapatsa madzi kuti achukuche. Analavula kanayi, madzi akutuluka amagazi. Kachisanu anayamba kuyera.

Amayi a mpingo anafika dzuwa litapendeka, asanu ndi mmodzi, atavala zoyera. Anakhala pa mphasa motalikirana ndi wodwalayo. Anaimba nyimbo ziwiri, mmodzi anawerenga mawu, wina anapemphera nthawi yaitali. Atati ameni, amayi ake a Khumbize anasendera pafupi.

"Pepani anzathu. Tamva kuti m'kamwa mwavuta. Tatiyeni tione, mwina tingadziwe mankhwala ake."

A Leticia anatsegula pakamwa. Mitu isanu ndi umodzi inasuzumira nthawi imodzi. Lilime linali lofiira psuu, lopanda kadontho koyera n'kamodzi komwe.

Amayi aja anayang'anana.

"Koma anthu bodza," anatero amayi ake a Khumbize. "Lilime lofiira bwinobwino chonchi? Chilonda chokha ndiye chilipo. Anthu a m'mudzi muno pakamwa pawo sipatseka."

Ananena zimenezi ngati kuti iwo anali a mudzi wina. A Emma, amene anayambitsa nkhani yonse, ndi amene anavomereza mokweza kuti anthu ndi oipa.

Alendowo anasiya mkoko wa nthochi ndi kabotolo ka chambiko. Potsanzika, amayi ake a Khumbize anamugwira Keziya paphewa n'kumuuza kuti azibwera kudzacheza monga kale. Keziya anawaperekeza mpaka pamsewu mtima uli m'malo. Lachisanu kusukulu Khumbize anamupatsa botolo la madzi asanapemphe n'komwe. Keziya anamwa, naona ngati wapambana.

5. Masiku atatu

Chipambano chakecho chinangokhala tsiku limodzi.

Lachisanu madzulo a Leticia anakana phala. Keziya atayesa kudontheza mankhwala, anakankha dzanja lake chifukwa m'kamwa monse munali zilonda zokhazokha. Loweruka m'mawa tsaya lakumanzere linali litatupa mpaka pansi pa chibwano. Fungo lija linabwerera loposa kale, ndipo zoyera zinali zitayambanso kumera pamwamba pa mabala. Masana anayamba kunjenjemera. Anapempha bulangete dzuwa la ku Karonga likuswa mtengo.

"Ndi malungo amenewo," anatero a Emma atasuzumira pa zenera. "Udzudzu wa m'mpungamu. Apatse panado."

Keziya anaphwanya panado m'madzi n'kuwamwetsa ndi supuni. Ankadziwa kuti si malungo. Chipatala chinali pa mtunda wosakwana ola limodzi, ndipo anamwino ogwira ntchito Loweruka analipo. Koma kupita kumeneko kunali kukaonetsa m'kamwamo, ndipo m'kamwamo munali ntchito ya manja ake. Anachita mantha. Anadziuza kuti pofika Lolemba thupi likhala litazizira.

Lamulungu sanapite kutchalitchi. Anakhala pambali pa amayi ake tsiku lonse akuwapukuta pamphumi ndi nsalu yonyowa. Chikwama cha ulendo chinali chokonzakonza pa mpando kuyambira Lachitatu. Munali zitenje ziwiri, sopo, buku la kuchipatala ndi chikho chija cha ulusi wofiira, pakuti china analibe.

Chakumadzulo a Leticia anatsegula maso n'kuloza chikwamacho.

"Mawa ndikwera?" anafunsa.

"Mukwera, amayi."

"Wandisamala, mwanangu. Popanda iwe sindikanafika pano."

Keziya anatuluka panja n'kukaima kuseri kwa nkhokwe. Analira mpaka chifuwa chinamupweteka, kenako analowanso m'nyumba n'kupitiriza kuwapukuta pamphumi.

6. Galimoto ya Lolemba

Lolemba a Leticia analephera kuima. A Manase, oyandikana nawo nyumba, anamanga ng'ombe zawo pa ngolo n'kuwanyamula. Keziya anakhala nawo m'ngolomo atawapakata mutu. A Emma ankayenda pambuyo atasenza chikwama.

Atafika anapeza galimoto yoyera itaima kale pabwalo la chipatala. Odwala awiri anali atakwera. Mayi Modesta anali pakhonde ndi pepala m'manja, akumwetulira. Ataona mmene a Leticia ankatsitsidwira m'ngolo, kumwetulira kuja kunatha.

Anawagoneka pa bedi m'chipinda chomwe chija. Anamwino anawayeza kutentha kwa thupi, nayang'ana chida chawo nthawi yaitali. Kenako anavala magolovesi, nayatsa tochi, natsegula pakamwa pa wodwalayo mosamala. Panja dalaivala analiza hutala kamodzi.

Mayi Modesta anazimitsa tochi. Sanakweze mawu.

"M'kamwa muno mwakwechedwa. Phulusa likuonekera m'mphepete mwa chilonda. Ndinakuuzani chiyani anthu inu? Zoyera zija zikanatha zokha ndi mankhwala. Mafangasi aja anali pamwamba chabe, sakanawaletsa ulendo. Tsopano mwasenda khungu limene linkatchinga, mabakiteriya a m'chilonda alowa m'nyama, mwina afika kale m'magazi. Thupi latentha moti munthu uyu sangayende ulendo wa tsiku lonse. Ndipo zayamba liti? Si lero izi. Mwakhala naye m'nyumba masiku angati akunjenjemera, chipatala chili pomwepa? Khansa siyembekezera munthu. Tsiku lililonse limene tikuchiza mabala awa, iyo ikukula. Milungu isanu ndakhala ndikuimba mafoni kupempha malo amodzi okha. Mwawataya chifukwa cha chiyani?"

A Leticia ankayang'ana nkhope ya anamwino, kenako ya mwana wawo, posamva zimene zinkanenedwa.

"Keziya, auze amayi ako mawu anga onse. Usasiyeko. Uwauze kuti lero sakwera. Uwauzenso kuti ine ndinati kuchukucha, ndipo ndinaletseratu kukwecha."

Pakhomo panali pataima bambo wina wokolopa m'chipatalamo, Mnkhonde wa komweko, atatsamira mpini wa chokolopera. Ankamva zilankhulo zonse ziwiri. Panalibe pothawira.

Keziya anawerama pafupi ndi khutu la amayi ake. Mawu ankatuluka amodziamodzi.

"Akuti lero simukwera. Akuti tizilombo talowa m'mabala." Anayang'ana bambo uja pakhomo. "Akuti tsiku lija anati muzichukucha basi. Kukwecha analetsa."

A Leticia anatembenuza mutu pang'onopang'ono. Anamuyang'ana mwana wawo m'maso. Sanakwiye, sanalire. Anangomuyang'ana monga munthu amayang'anira mlendo amene sakumukumbukira bwino. Keziya akanakonda akanamumenya.

"Tsono ndifuna ndidziwe," anatero Mayi Modesta. "Anachita zimenezi ndani?"

"Ine sindinagwiremo m'kamwamo," anafulumira kuyankha a Emma m'Chichewa chawo cha pamsika. "Olo kamodzi. Afunseni."

Zinali zoona, ndipo n'zimene zinkawawitsa.

Keziya anatsegula pakamwa, koma asanatulutse mawu, dzanja la amayi ake linadzuka pa bedi. Linafika pachifuwa pawo n'kugogoda kawiri.

"Ine," anatero a Leticia m'Chichewa, mawu amodzi mwa ochepa amene ankawadziwa. "Ndekha."

Mayi Modesta anayang'ana dzanja lija, limene masiku atatu linkalephera kukweza supuni. Anatenga pepala lawo, nakhwatcha dzina limodzi, natuluka. Pa zenera Keziya anawaona akuitana bambo wina wokalamba amene anali atakhala pa benchi ndi kathumba kake, kudikirira mwayi ngati wina angalephere. Bamboyo anakwera mothandizidwa ndi mkazi wake. Chitseko chinatsekedwa, ndipo galimoto inatuluka pa geti n'kukhotera kumwera.

A Leticia anamva kulira kwa injini mpaka kunazimirira. Kenako anatembenukira kukhoma.

Anamwino atabwerera anawaika diripi ndi kuwabaya jakisoni. Anatenga kamtengo kokhala ndi thonje kunsonga, nakhudza nako mafinya a m'mphepete mwa chilonda, nakatsekera m'kabotolo. Analembapo dzina limene anali atangolikhwatcha pa pepala lija.

"A Emma, inu khalani ndi odwalawa," anatero. "Musaope, simutenga kanthu. Keziya, iwe nditsate."

Anayenda m'khonde lalitali, anamwino patsogolo, Keziya pambuyo. Anafika pa chitseko cholembedwa kuti labu. Mayi Modesta anagwira chotsegulira, koma sanatsegule msanga.

"Muno muli makina oonera zinthu zosaoneka ndi maso. Ndikufuna uone wekha zimene zalowa m'thupi mwa amayi ako. Ukatha kuona, tikhala pansi awiriwiri. M'chipinda chija tsiku lija munali inu anthu atatu, koma womva Chichewa bwino anali mmodzi."

Anatsegula chitseko n'kumupatsa kabotolo kaja kuti alowe nako yekha m'manja.